Nyenyezi za pa Mchira wa Ndege

Tsiku limene zinayamba ndinali pakhonde ndikusankha nyemba. Kunali kutentha kuja kwa kwathu ku Santa Eduviges, koti ngakhale agalu amachita ulesi kuuwa. Amuna anga, a Isidoro, anatulukira pachipata dzuwa likulowa, akumwetulira okhaokha ngati atola kanthu panjira.

"Ondina, mchira wapezeka!"

"Mchira wa chiyani? Sambani kaye m'manjamo, musandidetsere nyemba."

"Wa ndege, nanga wa chiyaninso?"

Ndege imeneyi ndi ija ili m'shedi ya malata kuseri kwa bwalo la mpira. Inatsala pa nkhondo ya mu 1969, pamene ife a ku Honduras tinamenyana ndi a tsidya la mtsinje, a ku El Salvador. Ndi chindege chabuluu, chamapiko opindika. Chinakhala pamtetete zaka zambirimbiri, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka madala ena anapanga kagulu koti achikonze. Sankafuna kuti chiuluke ayi. Ankangofuna chioneke monga chinalili kale, adzachikoke ndi thirakitala m'tauni pa tsiku lokumbukira asilikali. Mkulu wa kaguluko anali a Plutarco Baca, amene pa nkhondo ija ankathira mafuta m'ndege, koma akamafotokoza mungaganize kuti ankaziulutsa ndi iwo.

A Isidoro anali wowongola ndi kupenta magalimoto, ndiye ntchito ya penti yonse inali yawo. Ankaigwira mwaulere, ndi mtima wonse. Ine ndinkadziwa chifukwa chake, ngakhale iwo sananenepo. Makolo awo anali a tsidya. Chaka cha nkhondo chija anthu a tsidya anathamangitsidwa kuno, ndipo a Isidoro, ali kamwana kodwala malungo, anasiyidwa kwa mayi wina wa kutchalitchi. Amayi awo anawoloka mtsinje, sanabwerenso. Mwamunayu wakulira kuno, wakwatira kuno, ana ake abadwira kuno, koma mpaka imvi kumutu anthu ankamutchulabe kuti Watsidya. Ankatero moseka, naye n'kumaseka nawo. Ine sizinkandiseketsa.

Chimene chinkasowa pa ndegeyo chinali chitsulo choimirira cha kumchira. Tsopano chinapezeka kwa mlimi wina kumapiri, amene ankatsekera nacho khola la nkhumba. Iye anati bambo ake anachitola m'munda wa chimanga nthawi ya nkhondo. Atachibweretsa n'kuchiyesa, chinangoti gwa, bawuti iliyonse pamalo pake. Madala anavina.

Koma patapita masiku a Isidoro anabwera kunyumba atazizira.

"Ndachotsa matope pa mchira uja," anatero. "Pansi pake pali penti yobiriwira, yamawangamawanga. Mizere ya mbendera ilipo, koma nyenyezi palibe."

Sanafunike kuwonjezera. Mbendera yathu ndi ya a tsidya n'zofanana mizere, buluu, yoyera, buluu. Yathu imadziwika ndi nyenyezi pakati. Ndegenso, mayiko awiriwa anagula za mtundu umodzi kwa Amereka. Mchirawo unali wa ndege ya adani.

"Mwawauza a Plutarco?"

"Ndawauza. Akuti chitsulo chilibe kwawo, ndipente ndikhale chete."

Anapentadi. Buluu wokongola, nyenyezi zili waliwali pamwamba. Anthu ankabwera kudzajambulitsa.

M'mawa wina a Plutarco anatsegula shedi n'kupeza nyenyezi zonse zitapalidwa. Penti ina yonse inali bwinobwino. Nyenyezi zokha ndizo zinachoka, mpaka chitsulo kuonekera mbee. Loko anali wosathyoka. Makwerero anali gone pansi, pamene anawasiya dzulo lake. Ndipo makiyi a shediyo anali nawo anthu awiri basi, a Plutarco ndi amuna anga.

A Isidoro anapentanso. Zinapalidwanso. Anapenta kachitatu, anasintha ndi loko yemwe, koma kunali kutaya penti.

Pamenepo nthabwala ija inatha. Ndinazimva ndekha kuchigayo, nditapita kukagayitsa chimanga cha matotiya, tizitumbuwa tathu topyapyala tija. Nditangolowa, amayi onse anangoti zii. Kenako Tránsito, mnzanga weniweni amene anandigwirira mwana pa ubatizo, anayankhula akuyang'ana m'beseni mwake.

"Utsi sufuka popanda moto, anzanga."

"Moto wake uti, Tránsito? Nena poyera, usamalankhulire m'beseni."

"Aa, ine ndatchula munthu? Ndangoti magazi ndi magazi. Mwana wa ng'ona, ngakhale umulerere m'ndowa..."

"Malizitsa! Malizitsa ndikuonetse chimene chinameta nkhanga mpala!"

Anatigwira anthu. Ndinabwerera kunyumba chimanga chosagayitsa, mtima ukuwira. Sabata yomweyo munthu wina anadzatenga galimoto yake kwa a Isidoro isanathe n'komwe kukonzedwa. Wina amene anati abweretsa yake sanaonekenso. Madzulo ena mwala unagwa padenga pathu, phoo! Ndinatuluka ndi chikwanje, koma pamsewu panalibe munthu.

Lamlungu a Plutarco anatiimitsa pakhomo la tchalitchi, anthu akumva.

"Isidoro, mapanga awiri avumbwitsa. Sankha limodzi. Zikachitikanso, ubweze makiyi, ndipo nkhaniyi ipita kupolisi. Mwina kwanu akulandira bwino."

"Kwathu ndi kuti, a Plutarco?" anafunsa amuna anga chapansipansi.

Mdalayo anangokonza chipewa chake n'kumapita.

Pagulu ndinkawaikira kumbuyo mpaka mawu kusasa. Koma kunyumba ndinkawayang'ana. Munthu anali atasintha. Chakudya ankangochitokosa. Akamwa khofi wa madzulo ankanyamuka, ati akukapitidwa mphepo, n'kubwera maso ali gwa. Ndinkayang'ana zikhadabo zawo akagona. Munali penti, inde, koma nanga wopenta m'zikhadabo mungakhale chiyani? Mutu wanga unazungulira. Kodi munthu ungagone naye mphasa imodzi zaka zonsezi, iye ali ndi kachipinda kena mumtima komwe sunalowemo?

"Bambo a Nidia, mumapita kuti madzulo?"

"Kuyenda chabe."

"Musandiyese mwana. Ndinu amene mukupala nyenyezi zija?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti zawapweteka.

"Nawenso, Ondina?"

Anatenga chipewa n'kutuluka. Ine ndinazimitsa moto, ndinafunda shawelo, n'kuwatsatira chapatali.

Mdima unali utangogwa kumene. Magetsi anali atazima tauni yonse, monga amachitira mvula ikamayandikira. M'nyumba zina munkaoneka timakandulo. Ndinadutsa pabwalo la mpira udzu ukundikwapula m'miyendo. Achule ankalira mbali zonse. Koma nditayandikira shedi, phokoso lonse lija linangoduka. Zii. Ndinkamva mtima wanga wokha.

Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Ndinasuzumira.

A Isidoro anali atakhala pa chitini cha penti, pafupi ndi khomo. Pansi panali kanyali kagalasi. Manja awo onse awiri anali pamaondo. Ndinawaona bwinobwino manjawo, ndipo mtima unayamba kutsika. Ndinati ndiwaitane.

Ndiye ndinamva.

Kwee. Kwee. Kwee.

Phokosolo linkachokera kumapeto kwa shedi, m'mwamba. Linali lapang'onopang'ono, ngati munthu akupala mphika wopserera. Linkaleka, n'kuyambanso. Kenako fungo linandipeza. Fungo la mafuta opsa, losakanikirana ndi la dothi lonyowa la kumunda.

Ndinakweza maso.

Pamsana pa ndege, pafupi ndi mchira, panali munthu atagwada. Makwerero anali pansi. Kuwala kwa nyali sikunkafika bwino, koma ndinaona kuti ndi mwamuna wachinyamata, woonda, wovala ovolosi ya oyendetsa ndege, yokhala ndi malamba pachifuwa. Anali atatifulatira. Dzanja limodzi linali lende, ngati lothyoka. Linalo ndi limene linkapala. Analibe mpeni, analibe chitsulo. Ankapala ndi zala.

Ndinafuna kutchula dzina la Mariya Woyera, lilime linakana.

Tizidutswa ta penti tinkagwa pansi ngati gaga. Munthu uja analeka. Sanacheuke. Anayankhula akuyang'anabe mchirawo, ndi mawu aulemu, otopa, mokoka muja amayankhulira anthu a tsidya.

"Bambo, mtsinje uli mbali iti?"

A Isidoro anatukula dzanja n'kuloza kumadzulo.

"Zikomo. Kungoti ndi nyenyezi izi sindingawoloke. Anzanga andiwombera."

Kwee. Kwee.

Sindikudziwa kuti ndinalowa bwanji. Ndinangopezeka nditawagwira a Isidoro paphewa, zala zanga zitalowa m'mnofu. Sanadzidzimuke. Anagwira dzanja langa, lawo lili zizirire.

"Ukumuona?" ananong'ona.

"Ndikumuona."

"Ndiye kuti si misala." Anapuma mozama. "Amafunsa zomwezi tsiku lililonse. Ndikamulozera, amathokoza. Mawa lake wayiwala."

Nyali inaphethira. Itawalanso, pamsana pa ndege panalibe munthu. Achule anayambiranso kunja.

Tinabwerera tikugwirana ngati ana. Pakhomo ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Ndikanati chiyani? Kuti Watsidya akucheza ndi mzukwa wa tsidya?" Anakhala pabedi n'kuvula nsapato. "Ondina, amayankhula ngati amayi anga. Ndinali nditaiwala kuti ankamveka bwanji."

Ine mantha anasanduka ukali. Ndinati zimenezi sizitithera banja. Ngati ine ndamuona, a Plutarco nawonso ali ndi maso. M'mawa ndinawapeza pasitolo akumwa khofi ndi madala anzawo.

"A Plutarco, madzulo ano mubwere kushedi. Mudzamuone wopala nyenyezi wanuyo."

"Ukufuna kundionetsa mwamuna wako? Ndimamudziwa kale."

Madala anaseka.

"Sekani. Koma ngati munalidi msilikali, osati wongonyamula zigubu, mubwere."

Pamenepo ndinawaponda pachilonda. Anabwera.

Anafika mdima ukugwa, atanyamula tochi yaikulu, atavala jekete yawo yakale ya usilikali imene siinkamanganso pamimba. Tinakhala atatu pafupi ndi khomo. A Isidoro anali atapentanso nyenyezi masana omwewo, a Plutarco akuonerera. Mdalayo ankangoyankhula, za ndege, za mabomba, za mkulu wa asilikali amene anamugwira chanza. Kenako achule analeka.

Fungo lija linabwera.

Kwee. Kwee.

A Plutarco anayatsa tochi n'kulozetsa kumchira. Ine sindinayang'ane kumeneko. Ndinkayang'ana nkhope yawo, chifukwa ndi imene ndinadzera. Ndinaona kamwa likutseguka. Ndinaona kuwala kwa tochi kukuvina pamalata. Thukuta linatsika m'masaya mpaka m'khosi.

"Bambo, mtsinje uli mbali iti?"

Tochi inagwa pansi n'kuzima. Mumdimamo ndinamva mdala wamkulu akulira ngati kamwana, akutchula oyera mtima mosokoneza. Anakwawa mpaka panja. Ndinamutsatira, ndinamudzutsa, ndinamupukuta fumbi m'maondo.

"Mwaona tsopano," ndinatero. "Mawa mukawauze anthu."

Anapuma kwa kanthawi atagwira mtengo wa golo. Atapeza mpweya anakonza jekete yake. Sanandiyang'ane.

"Ndikawauze chiyani? Kuti ndege ya asilikali athu ndinaiika mchira wa adani? Anthu anajambulitsa pamenepo, mayi. Ansembe anawazapo madzi odalitsa."

"Ndiye amuna anga afere zimenezo?"

"Ine sindinaone kanthu. Ndaona Isidoro ali m'shedi kunja kutada, ndipo nyenyezi zapalidwa. Ndi zomwe ndikanene."

Ndinamutukwana, Mulungu andikhululukire, ndinamutukwana mpaka makolo ake. Iye ankangoyenda, mwamsangamsanga, osacheuka. Nditatembenuka ndinapeza a Isidoro ataima pakhomo la shedi. Anali atamva zonse.

Kunyumba sanadandaule. Anadya bwino koyamba pa masabata ambiri, anapemphanso nyemba zina. Anandifunsa za Nidia, mwana wathu wa ku Tegucigalpa, ngati waimba foni. Ine ndinkangolongolola za maloya ndi za ansembe. Iwo ankangoti, "Eya, tiona mawa." Ndinagona nditawagwira malaya.

Ndinadzuka kukuyera, m'manja mulibe kanthu. Bokosi la masipanala panalibe.

Ndinathamangira kushedi wopanda nsapato. Ndinapeza anthu atadzaza kale, Tránsito ali patsogolo, manja m'chiuno. Ndege inali chiimire, koma kumbuyo kwake kunali bululu. Mchira unali utamasulidwa bwinobwino, mabawuti ataikidwa m'chitini, makiyi ali pamwamba pake.

"Si izi?" anatero Tránsito. "Tinkanama ife?"

A Plutarco anali pakona, maso ofiira ngati sanagone. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana pansi. Masana omwewo anakalembetsa mlandu wakuba kupolisi.

Amene anandiuza kumene amuna anga analowera ndi kondakitala wa basi ya m'mamawa yopita kumalire. Anandiitanira kuseri kwa basi kuti ena asamve.

"Mayi, bambo aja anakwera ndi ine. Chitsulocho anachikulunga m'bulangete, tinachimanga pamwamba. Koma chinandidabwitsa n'chakuti basi inadzaza, anthu ataimirira, iwo osalola munthu kukhala pambali pawo. Ankangoti pali munthu. Mayi wina anayesa kukakamira, atangokhala anadzuka yekha, ati mpandowo ukuzizira ngati mwala wa mumtsinje. Titafika pamlatho anatsika, n'kuima pakhomo kudikira kaye, ngati pali wina akutsika pambuyo pawo."

Masiku anadutsa. Ena ankati anakagulitsa mchirawo kwa anthu a ku Amereka osonkhanitsa ndege zakale. Ena ankati anali kazitape kuyambira kale. Kazitape wa chiyani, wa nkhumba? Ndinasiya kuwayankha.

Foni inalira Lachinayi lina madzulo, nambala yachilendo.

"Ondina."

"Muli kuti? Muli bwino? Mwadya?"

"Ndamufikitsa. Titangowoloka anayamba kuidziwa njira yekha. Ananditsogolera mpaka pamudzi wina, pachipata cha nyumba yakugwa. Ndinatsamiritsa chitsulo chija pakhoma. Nditatembenuka, panalibe."

"Chabwino, mwathana naye. Bwerani."

Ndinkamva magalimoto akudutsa kumbuyo kwawo.

"Ndinapita kumudzi kwa amayi. Anamwalira kalekale, ndipo palibe wodziwa manda awo. Anthu ake akundiyang'ana ngati wakuba. Akuti mayankhulidwe anga ndi a uko, ndibwerere kwathu." Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Uko nako apolisi akundidikira. Ndili pamlatho, Ondina. Ndaima pakati."

"Musachoke pamenepo! Ndikubwera ine!"

Foni inaduka. Nditaimbanso anayankha mayi wina wogulitsa zipatso. Anati bambo amene anabwereka foniyo wangochoka kumene, koma sanaone kuti walowera mbali iti.

Ndinakwera basi yoyamba. Ndinafunsa asilikali a mbali yathu, ndinafunsa a mbali inayo, osintha ndalama, ogulitsa madzi, aliyense. Palibe anawaona akuwoloka kupita uku kapena uko. Nidia anabwera, tinayenda m'zipatala ndi m'ndende za mbali zonse ziwiri. Sitinapeze ngakhale chipewa.

Mwezi watha madalaivala a malole ayamba kunong'ona. Akuti dzuwa likangolowa, pakati pa mlatho pamaima bambo wina waimvi, waulemu wake, amene amaimitsa anthu oyenda pansi n'kuwafunsa njira. Ukamufunsa kuti njira ya kuti, sayankha. Amayi a kuchigayo akuti woperekeza wakufa sabwerera yekha, amafunika wina womutenga. Amanena motsitsa mawu ndikamalowa, koma ndimamva.

Ndinapitanso. Ndinaima pakati penipeni, pamene penti ya dziko lathu imathera n'kuyamba ya eni ake. Dzuwa linalowa. Udzudzu unandidya miyendo. Anthu anachepa, malole anaima. Kenako mtsinje pansi paja unangoti zii, ngati wina wautseka pakamwa.

Kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri, munthu anakhosomola. Chifuwa chimenecho ndachimva m'mawa uliwonse kuyambira ndili mtsikana.

"Mayi, pepani. Kwathu ndi mbali iti?"

Sindinacheuke. Ndinaopa kuti ndikacheuka ndipeza palibe. Ndinakuwa mpaka asilikali a mbali zonse ziwiri anatembenuka.

"Kwanu ndi kwa ine, bambo a Nidia! Tiyeni!"

Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, osayang'ana m'mbuyo, mpaka pa basi yomaliza. Pakhomo ndinaima kaye pang'ono. Ndinakhala kuwindo. Basi inadzaza, ndipo mnyamata wina wonyamula thumba anabwera kuti akhale pambali panga.

"Pepani achimwene," ndinatero. "Pali munthu."